Munthu Amene Ankayamba Kulowa

Chimene sindinamvetse mwa alamu anga mpaka lero n'chakuti munthu wamantha chonchija ankatha bwanji kukhala woyamba kulowa paliponse poopsa. Anzawo amene ankagwira nawo ntchito kumathanki a mafuta andipempha kuti ndilembe za moyo wawo, ndipo ndikudziwa kuti akuyembekeza mawu oti anali munthu wolimba mtima. Mawu amenewo sindilemba. Kusukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti potamanda munthu bodza silichedwa kulowapo, ndipo alamuwo akanamva akanangopukusa mutu. Ndilemba zimene ndinaona ndi zochepa zimene anandiuza.

Ndinawadziwa akadali msilikali, pamene ankabwera kwathu chifukwa cha mlongo wanga, amene pambuyo pake anakhala mkazi wawo. Choyamba kuona mwa iwo chinali mayendedwe. Pakhomo pathu panali kapinga, ndipo aliyense ankadula pomwepo. Iwo ayi. Ankazungulira ndi kanjira kopondedwa kale, maso ali pansi, patsogolo pang'ono pa mapazi awo. Amayi athu ankati ndi manyazi a mkamwini. Tsiku lina ndinawafunsa.

"Alamu, mwataya singano kodi?"

"Aphunzitsi," anatero, "inu maso anu muziwasungira bolodi. Angawa ndi a pansi."

Panapita zaka ndisanadziwe ntchito yawo ya ku usilikali. Anali m'gulu lofukula mabomba okwirira pansi. Nkhondo ikadutsa pamalo, iwo ankatsala m'mbuyo, akukwawa chafufumimba ndi kachitsulo kosongoka m'manja, akubaya dothi pang'onopang'ono, zala zikumvetsera ngati kachitsuloko kagunda mwala kapena china. Bomba lina linaphulika pafupi nawo n'kuwagonthetsa khutu lakumanzere, ndipo lakumanja nalo silinatsale lathunthu. Polankhula nawo tinkakhala chakumanja kwawo. Mlongo wanga ankati mwamuna wake amasankha khutu loti amvere malinga ndi nkhani yake.

Gululo linali ndi lamulo lake. Anandiuza masana ena akundikonzera wailesi, maso ali pa timawaya.

"Amene wanena kuti m'njiramu muli bwino ndiye amayamba kuyendamo, mpaka kumapeto n'kubwerera, akuponda ndi thupi lonse, anzake akuonerera. Akabwerera wamoyo, ena amatsatira."

"Nanga akalakwitsa?"

"Akalakwitsa kwambiri, nkhani yathera pomwepo. Akalakwitsa koma n'kupulumuka, bomba n'kudzapezeka pamene iye anati ndi poyera, amapereka kachitsulo kake kwa mnzake n'kumapita. Palibe womuthamangitsa. Palibenso kutsanzikana."

Ndinati limenelo ndi lamulo lankhanza, munthu aliyense amalakwitsa.

"Amalakwitsadi," anatero. "Nanga mawa akadzati bwerani, phazi la ndani lidzanyamuke?"

Asilikali omwewo ndiwo anawatumiza kusukulu ya uinjiniya. Atavula yunifomu anapita kudziko lina lachipululu kumene kuli zitsime za mafuta, mlongo wanga n'kutsala kwathu akudikira. Atabwerako anapeza ntchito pamalo osungira mafuta kunja kwa tawuni, pamene sitima zimatsitsa petulo ndi dizilo, malole n'kumadzatunga. Kumeneko ndiko anakhala zaka zonse mpaka kupuma, ndipo mumsewu mwathu aliyense ankangowatcha a Injiniya.

Kumathankiko ndinapitako kamodzi kokha, tsiku limene mlongo wanga anamutengera kuchipatala kukachira, ine n'kutumidwa kukawadziwitsa. Mlonda wa pageti anandilanda machesi amene anali m'thumba mwanga. Anandikwezetsa mapazi kuti aone ngati nsapato zanga zili ndi misomali. Kenako anandilozera nsalu yofiira yonga thumba imene inkauluzika pamwamba pa mlongoti.

"Belu likalira muyang'ane imeneyo, bambo. Muthawire kumene mphepo ikuchokera, osati kumene ikupita."

Mathankiwo anali oyera, aatali kuposa tchalitchi chathu, mapayipi akukwawa pansi paliponse, fungo la petulo likulowa mpaka m'mano. Thanki imodzi anali ataikhuthula n'kuitsuka chifukwa inkadontha, ndipo ankafuna kuiwotcherera m'kati. M'munsi mwake munali chibowo chozungulira chonga pakamwa pa mgolo. Ndinapeza alamu atagwada pamenepo. Analowetsamo kachipangizo koyezera mpweya, n'kukaonetsetsa. Kenako analowetsamo mutu n'kununkhiza nthawi yaitali. Atatero anakwawira m'katimo okha.

Wowotcherera wake, munthu wonenepa wachipewa chothimbirira, anaona mmene ndinkaonekera.

"Musade nkhawa, bambo," anatero. "Ikaphulika tonse tikafikira limodzi. Simukasowa wocheza naye."

Alamu anatuluka n'kunena mawu awiri okha, "Muli bwino," ndipo analowanso pamodzi ndi wowotcherera uja. Sankafunikira kutero. Ntchito yawo inali itatha. Koma anakaima pambali pa phewa lake pamene moto woyamba unkathetheka. Ndinaona kuwala kobiriwira kukuphethira m'chibowomo, ndipo ndinadzipeza ndikunena pemphero la kusukulu limene ndinkayesa ndinaliiwala. Atatuluka, malaya awo anali atanyowa mpaka kumsana. Manja ankanjenjemera moti batani la thumba linawakanika kumanga.

"A Injiniya amatinjenjemerera tonse," anatero wowotcherera uja atatulutsa mutu, "kuti ife manja athu asanjenjemere."

Panjira yopita kuchipatala ndinadandaula kuti fungo lija landipweteketsa mutu.

"Muzithokoza," anatero. "Fungo ndi mnzanu."

Ndipo anandiuza za kuchipululu, kamodzi kameneko basi. Kuzitsime kuja kumatuluka mpweya wina wonunkha ngati mazira osukusa. Ukakhala wochepa umanunkha. Ukachuluka umayamba wapha mphuno, munthu n'kumayesa kuti kwayera. Anthu awiri a m'gulu lawo ankafuna kutsikira m'dzenje lina mmene munali zotsekera mapayipi. M'mawa munkanunkha, ndipo anadikira. Pambuyo pake mmodzi anasuzumira n'kunena kuti fungo latha. Anatsika pamakwerero, atafika pansi anakhala ngati munthu wotopa. Mnzake anatsikira kuti amudzutse, nayenso anakhala pambali pake. Alamu anali kuchitsime china. Anafika anthu akuwakoka ndi zingwe.

"Akanandidikira ndikanatsikamo ine," anatero.

"Ndiye mukanafa ndinu."

"Eya." Anayang'ana pansi patsogolo pa mapazi awo. "Kuyambira tsiku limenelo, aphunzitsi, fungo likatha ine ndimathawa."

Mwana amene anabadwa tsiku limenelo anali wamkazi, ndipo anakhala yekhayo. Tinkamutcha Nesi kuyambira ali wamng'ono chifukwa ankamanga mphaka mabandeji, ndipo atakula anakhaladi nesi.

Atapuma pantchito, alamu anakhazikika m'nyumba yawo, misewu iwiri kuchokera kwanga. Pageti anamangirira kansalu kofiira, ndipo potuluka kapena polowa ankayamba akayang'ana. Palafini ankakhala m'kashedi kuseri. Gasi anamukana kwamtuwagalu. Koma Nesi atakwatiwa n'kubereka mwana, iye ndi mwamuna wake anabwera kudzakhala m'zipinda zakumbuyo, ndipo nthawi imeneyo magetsi ankazimazima. Khanda limafuna madzi owira nthawi zosadziwika. Mkamwini anabwera ndi chitofu cha gasi ndi silinda yake. Anakangana sabata yathunthu, mwaulemu, monga amakanganira apongozi, aliyense akulankhula ndi khoma. Potsiriza alamu analola, koma anati adzalumikiza okha, ndipo m'mawa uliwonse palibe woyatsa iwo asanayatse.

Ndinawaonerapo akuchita zimenezi. Ankalowa m'khitchini okha n'kugwada, chifukwa gasi ndi wolemera, amagona pansi ngati madzi. Ankanunkhiza m'makona ndi kunsi kwa kabati. Ankapaka thovu la sopo pamene payipi ya mphira ilumikizana ndi silinda ndi pamene ilumikizana ndi chitofu, kuti ngati pakutuluka mpweya thovulo litukumuke. Kenako ankayatsa, n'kuitana, "Muli bwino."

"Kuno, achimwene, tiyi amadikira chilolezo cha boma," ankatero mlongo wanga. Koma ankanena akumwetulira. Imeneyo inali nthawi yabwino. Mdzukulu uja alamu anamutcha Kapitawo, ati chifukwa nyumba yonse imagwira ntchito iye atagona. Ankamuyendetsa pabwalo atamukhazika pamkono, akumufotokozera za mapampu ngati munthu wamkulu.

Kenako kunabwera chimfine chachikulu chija chimene chinagoneka anthu ambiri. Alamu anadwala n'kuchira. Nditapita kukawazonda, mlongo wanga anati ali kushedi. Ndinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira. Patsogolo pawo panali botolo la palafini lotsegula, chitini cha polishi wa nsapato ndi anyezi wodula pakati. Anandipatsa botololo.

"Tanunkhizani."

"Palafini."

"Ine ndikumva madzi." Anatenga anyezi n'kumukanikiza pamphuno mpaka misozi inatuluka. "Aphunzitsi, fungo latha."

Ndinali nditawaonapo akuchita mantha, koma mantha a kumathanki aja anali ndi potulukira. Apa nkhope yawo inali ya munthu amene ali pansi pa dzenje akuyang'ana makwerero.

Nesi anawafotokozera bwinobwino kuti matendawo amatero, kuti ambiri mphuno zimabwerera, ena msanga ena mochedwa. Iwo anavomera ndi mutu. Anali munthu wophunzira, ankamvetsa. Koma thupi lawo linkadziwa tanthauzo limodzi lokha la mpweya wosanunkha kanthu. Ankatha kukhala pabalaza akuwerenga nyuzipepala, mwadzidzidzi n'kukumbukira kuti sakumva fungo lililonse, ngakhale la pepala, ngakhale la anyezi wokazinga kukhitchini. Ankaimirira, kunyamula Kapitawo pamene wagona, kutuluka naye pageti, kuyang'ana kansalu kaja, n'kukaima patali kumene mphepo ikuchokera. Anthu a mumsewu anazolowera kuona nkhalamba yaitali itaima pafupi ndi mtengo wa magetsi ndi khanda m'manja. Ana asukulu ankawalonjera. Iwo ankangoyang'ana padenga la nyumba yawo.

Tsiku lina anatero mvula ikuwaza, ndipo mwanayo anayamba chifuwa. Ndinalipo pamene Nesi anawalankhula.

"Ababa, mwanayu mundiphera ndi chibayo pomuthawitsa moto umene kulibe."

"Ukudziwa bwanji kuti kulibe?"

"Ndili ndi mphuno. Amayi ali ndi mphuno. Tonse muno tili ndi mphuno."

"Anthu awiri aja analinso ndi mphuno."

"Mukadzamutulutsanso, ife tikafuna nyumba kwina. Sindikunena mwachipongwe, ababa. Ndatopa n'kugwira ntchito mtima uli kuno."

Alamu anayang'ana khandalo nthawi yaitali. Mlongo wanga anali akupinda zovala, ndipo anapinda thewera limodzi kawiri konse.

Sanamutulutsenso. M'malo mwake anayamba kutulutsa silinda. Akangomaliza kuphika, ankaitseka, kuimasula, kuinyamula kupita nayo kushedi. Nthawi yophika ikakwana ankaibweretsa, kukoka payipi ya mphira kuchokera kuseri kwa kabati, kulumikiza, kupaka sopo. M'mawa, masana, madzulo. Msana wawo unayamba kupindika. Mkamwini, munthu wofatsa wogwira ntchito yoyendetsa malole, anati silinda imeneyo yayenda mtunda woposa lole yake. Anayitanitsa kachipangizo kolira kakamva gasi, koma m'masitolo a m'tawuni yathu munalibe, ndipo tinkadikira kuti kachokere kutali. Poti mphuno inali itafa, alamu anawonjezera nthawi ya maso. Ankatsegula silinda, kupaka sopo, kuyang'anitsitsa, kupukuta, kupakanso, kuyang'ananso. Chimene kale chinkatha madzi a tiyi asanafunde tsopano chinkatenga nthawi yoti munthu n'kusita malaya angapo.

Ine ndinayamba kuopa nyumba imeneyo. Ndikakhala pabalaza ndinkadzipeza ndikununkhiza mobisa.

Lamulungu lina tinachokera limodzi kutchalitchi, poti mlongo wanga anandiitana kukadya nawo. Kunali kotentha, mitambo italemera, masamba osagwedezeka. Kansalu ka pageti kanali lende. Alamu anakayang'ana, sanakondwe nako, koma anati tidikire pansi pa mtengo monga mwa nthawi zonse nyumba ikakhala kuti inali yotseka. Anatsegula chitseko ndi mazenera. Tinawaona akuchokera kushedi atakumbatira silinda. Kenako zii.

Tinadikira. Mlongo wanga anavula nsapato za kutchalitchi n'kukhala pamwala. Mkamwini ankakamba za matayala. Kapitawo anali kumsana kwa amayi ake, akulira pang'onopang'ono chifukwa thewera linali litanyowa.

"Lero ndiye tidya Lolemba," anatero mlongo wanga.

Patapita nthawi ndithu mawu anamveka pazenera la kukhitchini.

"Muli bwino. Ndiyatse kaye."

"Anena kale," anatero Nesi. "Ndikatenge thewera, mwanayu wandinyowetsa msana."

Ndinamutsatira chifukwa ndinali ndi ludzu. Khomo lakumaso limalowa m'kanjira kakang'ono ka mdima, ndipo kumapeto kwake kuli khitchini, imene pansi pake ndi potsika pang'ono kusiyana ndi nyumba yonse. Nesi anaima mwadzidzidzi moti ndinatsala pang'ono kugunda mutu wa mwanayo. Ndiye fungo linandifika, lolemera, lotsekemera moipa, ngati kabichi wowola. Dzanja langa linali litakwera kale kukhoma kufuna swichi. Nesi analigwira.

"Amalume, musakhudze."

Tinkawaona alamu kumapeto kwa kanjirako. Anali ataimirira patsogolo pa chitofu, atatipatsa msana, khutu lakumanzere lili mbali yathu. Kuseri kwa kabati kunkamveka kaphokoso kosalekeza, konga ka tayala lobooka. Ife tinkakamva tili pakhomo. Iwo anali pafupi nako penipeni, ndipo ankatsegula bokosi la machesi.

"Ababa," anaitana Nesi.

Sanatembenuke.

"Ababa, musayatse."

Anatulutsa kamtengo. Manja awo ankanjenjemera monga ankachitira nthawi zonse asanayatse moto woyamba, ndipo kamtengoko kanawapulumuka n'kugwera pansi. Anakayang'ana, n'kuyamba kufuna kena m'bokosimo.

Nesi sanathamange. Anayenda monga amayendera m'chipatala, msanga koma mapazi osachoka kwenikweni pansi, anatsikira m'khitchinimo, n'kuphimba manja awo onse awiri ndi ake, bokosi lili pakati. Alamu anatembenuka ndi nkhope yokwiya, chifukwa palibe amene ankaloledwa kulowa iwo asanayatse. Nesi anayandikitsa pakamwa pake kukhutu lakumanja.

"Muno mukununkha gasi, ababa. Mwadzaza."

Anamuyang'ana. Kenako maso awo anapita paphewa pake, pamene panatulukira kamutu ka Kapitawo. Mwanayo anali atasiya kulira, akuyang'ana agogo ake, akufuna kuwagwira mphuno monga ankachitira. Nesi anali ataiwala kuti wabereka mwana. Ndikuganiza kuti anakumbukira nthawi yomweyo, poona nkhope ya bambo ake.

Mawu amene anatuluka sanali a alamu amene ndinkawadziwa. Anali apansipansi, osanjenjemera.

"Tuluka. Usathamange. Usakhudze chilichonse. Aphunzitsi, m'patseni njira, chitseko chikhale chotsegula."

Anawerama n'kutseka silinda. Kaphokoso kaja kanafa. Anaika machesi m'thumba, n'kutitsatira m'mbuyo, otsiriza kutuluka. Pageti anayang'ana kansalu kaja kuti adziwe koti atipititse. Kanali lende. Anayang'ana kumanja, kumanzere, n'kuyang'ananso kansaluko, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona osadziwa kolowera. Mkamwini ndiye anatigwira mikono n'kutitsogolera kumapeto kwa msewu. Mlongo wanga anayenda wopanda nsapato.

Tinakhala pakhonde la golosale yotseka mpaka dzuwa litapendeka. Nesi ankangonunkhiza mutu wa mwana wake, kuyang'ana milomo yake, kumumvetsera mpweya. Nthawi yobwerera itakwana, alamu anaimirira kuti atsogole. Anayenda pang'ono, n'kuima.

"Lowani inu," anauza mkamwini. "Muli ndi mphuno."

Mkamwini anakakhalamo kanthawi, n'kutuluka ndi payipi ya mphira ija m'manja. Inali yong'ambika pakati, mbali imene inkayang'ana kukhoma, kutali ndi molumikizira monse mmene alamu ankapaka sopo.

"Makoswe awa, bambo," anatero. "Ndakhala ndikunena kuti tigule msampha."

Alamu anailandira n'kuyendetsa chala pamng'aluwo. Anaipinda, mng'aluwo unayasama.

"Khoswe sadula chonchi. Apa ndi pamene imakhota pangodya ya kabati. Yakhala ikukokedwa, kubwezedwa, kukokedwa." Anaibweza kwa mkamwini. "Zikomo, koma khoswe wake ndine."

"Bambo a Nesi," anatero mlongo wanga, "tonse tili moyo. Tiyeni tikadye."

"Ndinanena kuti muli bwino."

"Ndinalowa ndekha, ababa," anatero Nesi. "Simunandiitane."

"Unalowa chifukwa ndinanena."

Pamenepo ndinakumbukira wailesi ija ndi timawaya take, ndi lamulo lija limene anandiuza akuikonza. Ndinasunthira kumanja kwawo.

"Alamu, kuno si ku usilikali. Ino ndi nyumba yanu. Awa ndi anthu anu."

Anayang'ana mwana wawo.

"Mawa ndikati muli bwino, ulowa?"

Nesi anatsegula pakamwa. Ndikudziwa kuti ankafuna kunena kuti inde, ndipo ananenadi. Koma asananene, dzanja lake linapita kumbuyo n'kukagwira mwendo wa mwanayo. Alamu anali munthu wozolowera kuona zinthu zazing'ono. Anagwedeza mutu ngati amene walandira yankho labwino, n'kunena kuti tikadye.

Masiku otsatira anali odekha moti ndinayamba kudziseka. Anapita okha kukagula payipi yatsopano. Anaphunzitsa mkamwini kuilumikiza ndi kupaka sopo payipi yonse, osati m'mapeto mokha. Anamuonetsa Nesi pogwada ndi ponunkhiza, iye n'kumadandaula kuti amuthyola mawondo. Silinda anaisiya m'khitchini. Anakonza mpope umene unkadontha kuyambira kalekale, anadzoza mafuta m'mahinjesi a zitseko zonse. Ankadya bwino. Mlongo wanga anandiuza kuti mwamuna wake wabwerera, kungoti Kapitawo sakumunyamula. Mwanayo akatambasula manja, iwo ankamupatsa chala chimodzi n'kumuuza kuti abwana, lero antchito ali patchuthi.

M'mawa wina pakati pa sabata, atamwa tiyi, anavala nsapato zawo zakale za kuntchito ndi jekete. Nesi anali akukonzeka kupita kuchipatala. Anamugwira dzanja n'kumuikamo bokosi la machesi. Iye anangoliponya m'thumba la yunifomu, akufunafuna makiyi, osaganiza kanthu. Mlongo wanga anali kuseri akuyanika zovala. Anamva geti likutsekedwa, ndipo ankayesa apita kukagula nyuzipepala.

Tinafunsa kuzipatala ndi kupolisi. Anzawo a kumathanki anayenda m'madepoti a mabasi ndi chithunzi chawo. Mkamwini anauza madalaivala anzake a misewu yonse. Ine ndinafufuza mpaka ndinapeza nkhalamba ina ya mwendo umodzi imene inali nawo m'gulu lija la mabomba, ikukhala kwa mwana wake kuseri kwa msika. Inamvetsera nkhani yonse osadabwa.

"Anapereka chiyani asanapite?" inafunsa.

"Machesi."

Inagwedeza mutu n'kuyang'ana panja. Ndinaifunsa kumene anthu otere ankapita akachoka m'gulu.

"Sitinkafunsa, aphunzitsi."

Kachipangizo kolira kaja kanafika pambuyo pake. Kali pakhoma la khitchini, m'munsi, pamene alamu anali atachonga kale ndi pensulo. Mlongo wanga sakhoma geti masana. Ndikapitako ndimamupeza atakhala poti aziona msewu, ndipo sitikamba za iwo ngati anthu akufa, chifukwa sitikudziwa.

Womaliza kuwaona, mwa amene tinawapeza, ndi wosoka nsapato wa pamphambano ya msewu wawo. Akuti anawalonjera, iwo n'kukweza dzanja. Akuti alamu anaima pamphambanopo n'kutulutsa kansalu kofiira m'thumba, ndipo titabwerera kunyumba tinaonadi kuti pageti patsala mfundo yokha. Anakagwira ndi zala ziwiri m'mwamba, n'kudikira mpaka kanagwedezeka. Kenako anakabweza m'thumba, n'kuyamba kuyenda cha kumene mphepo inkachokera, m'mbali mwa msewu mmene anthu anaponda kale, maso ali pansi. Wosoka nsapatoyo anawerama kuti alowetse ulusi, ndipo pamene ankadzutsa mutu anali atakhota.